Nkhope ya Mtsogoleri pa Pepala

Kale, anthu a m'mudzi akafuna kulonga mfumu, sankasowa chithunzi. Munthu womulonga ufumuyo ankamudziwa kuyambira ali wakhanda. Ankadziwa amayi ake ndi atsibweni ake. Ankadziwa ngati ali waulesi kapena wakhama pa khasu, ngati ali wandewu pa mowa kapena wodziwa kuyanjanitsa anthu. Amayi akuluakulu a mbumba ankakhala pansi nakambirana za makhalidwe ake, ndipo pomaliza ankatchula dzina. Koma dziko likakula, ndipo anthu mamiliyoni akayenera kusankha mtsogoleri mmodzi, zinthu zimasintha. Kodi wothyola tiyi wa ku Thyolo angamudziwe bwanji munthu wobadwira ku Kasungu kapena ku Rumphi, amene sanadyepo naye nsima ngakhale kamodzi? Apa ndi pamene chithunzi chinapezera ntchito yake m'ndale.

Luso lojambula zithunzi ndi makina linalengezedwa ku Paris, m'dziko la France, m'chaka cha 1839. Mwini njirayo anali Louis Daguerre. Chithunzi chake chinkatuluka pa kachitsulo ka mkuwa kokutidwa ndi siliva. Wojambulidwayo ankayenera kukhala duu kwa kanthawi ndithu, mutu atauchirikiza ndi chitsulo kumbuyo kuti usagwedezeke, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a m'zithunzi zakale amaonekera ngati ofedwa. Chovuta china chinali chakuti chithunzi chotere chinali chimodzi chokha, chosabala chinzake. Koma mu 1851 Mngelezi wina, dzina lake Frederick Scott Archer, anapeza njira yojambulira pa galasi, ndipo kuchokera pa galasi limodzilo munthu ankatha kutulutsa zithunzi zambiri za papepala. Patapita zaka zochepa, ku America anayambanso kujambula pa tizitsulo topyapyala totsika mtengo, toti ndi wosauka yemwe ankatha kugula.

Munthu wa khosi lalitali

Mu 1860 dziko la America linali pa chisankho cha Pulezidenti, ndipo nkhani imene inagawanitsa anthu inali ya ukapolo. Mmodzi mwa ofuna mpandowo anali Abraham Lincoln, loya wa mu mzinda wa Springfield, m'chigawo cha Illinois. Iyeyu anabadwira m'kanyumba ka mitengo. Sukulu anangoilawa, pakuti masiku onse amene anakhala m'kalasi, kuwaphatikiza pamodzi, anali ngati chaka chimodzi chokha. Zina zonse anaphunzira yekha powerenga mabuku obwereka. Anali wamtali zedi, woonda, wa khosi lalitali ndi manja aakulu, ndipo zovala sizinkamukhala bwino. Adani ake ankamunyoza kuti ndi munthu wakutchire, wosayenera kukhala m'nyumba ya Boma. Anthu a m'mizinda ikuluikulu ya kum'mawa, amene anali asanamuonepo, ankangomva zonyozazo.

Pa 27 February 1860 Lincoln anali ku New York, kumene anapita kukalankhula m'holo ya Cooper Union. Tsiku lomwelo analowa m'nyumba yojambuliramo zithunzi ya Mathew Brady. Brady anali mmisiri wochenjera. Anamuimika pafupi ndi tebulo, dzanja lamanzere litatsamira pa mabuku. Anamukwezera kolala ya malaya kuti khosi lisaoneke kutalika, ndipo pokonza chithunzicho anafewetsako makwinya a kumaso. Chimene chinatuluka chinali chithunzi cha bambo wodekha, wophunzira, woyenera kumupatsa mpando wapatsogolo.

Masiku amenewo nyuzipepala sizinkatha kusindikiza chithunzi cha makina monga chilili. Amisiri ankachiyang'ana, nachizokota pa thabwa, ndipo thabwalo ndilo ankalipaka inki. Motero nkhope ya Lincoln inatuluka m'nyuzipepala yotchuka ya Harper's Weekly ndi pa mapepala ena ambirimbiri. Otsatira ake ankavalanso timabaji tachitsulo pachifuwa, mbali ina kuli nkhope ya Lincoln, mbali inayo kuli ya Hannibal Hamlin, amene ankaima naye ngati wachiwiri wake. Mwini wake sanayende kukachititsa misonkhano, pakuti mwambo wa nthawiyo unkati wofuna Upulezidenti asamapemphe yekha mavoti. Anakhala phee ku Springfield, chithunzi chikumuyendera ulendo. Pa 6 November 1860 anapambana pakati pa anthu anayi, atapeza mavoti pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Pali kankhani kena kokoma ka m'chisankho chomwecho. Mtsikana wa zaka 11, Grace Bedell, wa ku Westfield, ataona chithunzi cha Lincoln chimene atate ake anabwera nacho kunyumba, anamulembera kalata mu October 1860. Anamulangiza kuti asunge ndevu, chifukwa nkhope yake inali yoonda kwambiri, ndipo anati akazi akakondwera nazo adzakopa amuna awo kuti amuvotere. Akazi pa nthawiyo analibe voti. Lincoln anayankha kalatayo, ndipo chisankho chitatha anasiyadi kumeta. Ndevu zimenezo ndizo zimaoneka pa ndalama ya pepala ya madola 5 kufikira lero.

Kodi Brady ananama? Ayi, sananame, koma sananene zonse. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo wojambula waluso angathe kukometsa mkuyu wamtundu uliwonse. Mwayi wa anthu a ku America unali wakuti munthuyo anaposa chithunzi chake, pakuti ndi iye amene mu 1863 analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zimene zinaukira Boma.

Makina afika ku Nyasaland

M'zaka zomwezo makina ojambulira anali atafika kale m'chigwa cha Zambezi. Dr. John Kirk, amene anali pa ulendo wa David Livingstone kuyambira 1858 mpaka 1863, ulendo umene unafika ku Shire ndi ku Nyanja, ankajambula zithunzi, ndipo zina zikusungidwabe. Mu July 1861, Lincoln ali pa mpando miyezi inayi yokha, Livingstone ndi anzake anamasula akapolo pa mudzi wa Mbame, m'mapiri a pakati pa Shire ndi kumene kuli Blantyre lero. Pambuyo pawo anadza amishoni, amalonda ndi asilikali, ndipo ambiri anali ndi makina awo. Koma m'zithunzi zawo munthu wakuda kawirikawiri ankakhala wopanda dzina. Ankaoneka atasenza katundu kapena machila, kapena atakhala pansi pa mapazi a Mzungu wokhala pa mpando.

Mmodzi mwa anthu akuda oyamba kugwira makinawo ndi manja ake anali Mungo Murray Chisuse wa pa mishoni ya Blantyre, amene anapita ku Scotland naphunzira ntchito yosindikiza mabuku. Iyeyu anajambula zina mwa zithunzi za Mbusa John Chilembwe ndi anthu ake a Providence Industrial Mission, imene inayamba mu 1900 ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pa chithunzi china chodziwika bwino Chilembwe wavala suti, ali pamodzi ndi mkazi wake Ida ndi mwana wawo, onse atavala mwaulemu. Zithunzi zotere ankazitumiza kwa Akhristu akuda a mpingo wa Baptist ku America, amene ankamuthandiza ndi ndalama. Sizinali za chisankho, pakuti munthu wakuda analibe voti, komabe zinali ndi mawu ake. Zinkatsutsa bodza lakuti munthu wakuda anabadwira kusenza katundu. Wowerenga akumbukire kuti masiku amenewo munthu wakuda akakumana ndi Mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo ili linali limodzi mwa madandaulo amene anatulidwa pamaso pa ofufuza a Boma itatha nkhondo ya Chilembwe, imene inayamba pa 23 January 1915.

Ku Thyolo, kumene Azungu ankalemba kuti Cholo, tiyi anayamba kubzalidwa cha m'ma 1908, atayamba kale ku Mulanje mu 1891. Malo ambiri achonde anali m'manja mwa makampani, monga British Central Africa Company, ndi a alimi achizungu monga Conforzi, wa ku Italy, ndi Maclean Kay, amene anatsegula esiteti ya Satemwa mu 1923. Antchito ambiri anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Munthu wokhala pa malo a esiteti ankalipira malowo ndi thukuta lake, ndipo iyi ndiyo inkatchedwa thangata. Mawuwa poyamba ankatanthauza kuthandizana pa ntchito mwa chibale, koma pa esiteti anasanduka dzina la goli. Munthu wotere nkhope za olamulira ankaziona pa ndalama, pa sitampa ndi pa khoma la ofesi ya Bwana D.C., ndipo zonsezo zinali za Mfumu kapena Mfumukazi ya ku England, imene palibe anamufunsa ngati akuifuna.

Mu August 1953, chaka chimene Nyasaland inalowetsedwa m'Chitaganya pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia, mkwiyo unaphulika pa esiteti ya Mangunda, pafupi ndi Luchenza. Unayambira pa nkhani ya anthu ogwidwa akuba malalanje, koma muzu wake unali malo ndi thangata. Chipolowecho chinafalikira m'maboma ena a kumwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Anthu anali ndi mkwiyo, koma analibe mtsogoleri mmodzi woti onse amuyang'ane.

Dokotala amene anthu sankamudziwa nkhope

Anyamata ophunzira a chipani cha Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anaona kuti anthu akumidzi sangatsate achinyamata okhaokha. Panafunika munthu wachikulire, wophunzira kwambiri, woti ndi Azungu omwe amuope. Maso awo anagwera pa Dr. Hastings Kamuzu Banda wa ku Kasungu. Iyeyu anachoka kwawo ali mnyamata, nagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Anaphunzira udokotala ku America ndi ku Edinburgh, nachiza odwala ku Liverpool, ku London ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana. Anakhala kunja zaka zoposa 40. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anyamatawo anayenda m'misonkhano kumutamanda ngati mpulumutsi wa dziko, ndipo iwo eni anavomera pambuyo pake kuti anachita zimenezo mwadala. Motero dzina linafika m'midzi nkhope isanafike.

Dr. Banda anatera pa bwalo la ndege la Chileka pa 6 July 1958. Chinenero cha kwawo chinali chitamuthawa, kotero kuti ankalankhula Chingelezi, wina akumasulira. Tsono kwa munthu wa kumbuyo kwa khamu, amene mawu sankamufika bwino, maonekedwe ndiwo ankalankhula. Anali wamfupi, wovala suti yakuda ya zidutswa zitatu, ndi chipewa chakuda cha mtundu umene nduna za ku London zinkavala. Ana ndi adzukulu a anthu aja ankavula chipewa pa msewu wa esiteti anaona munthu wakuda ataima pamaso pa Bwanamkubwa, chipewa chili chake, suti ili yoposa ya manijala. Amene amaseka kavalidwe kameneka, nati kanali kutsanzira Azungu, amaiwala chimene chipewa chinkatanthauza ku Thyolo ndi ku Magomero.

Pa 3 March 1959 Boma la atsamunda linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Linaletsa Congress, ndipo Dr. Banda linakamutsekera ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Ali m'ndende, Orton Chirwa ndi Aleke Banda anayambitsa Malawi Congress Party mu September 1959, pamodzi ndi nyuzipepala ya Malawi News. Monga Lincoln anakhalira ku Springfield, nayenso Kamuzu sankayenda, koma dzina lake linkayenda. Anatuluka pa 1 April 1960, ndipo m'zaka zimenezo nkhope yake inafala m'nyuzipepala, pa mapepala a chipani ndi pa mabaji ovala pachifuwa.

Chisankho chachikulu choyamba chinachitika pa 15 August 1961. Sichinali cha Pulezidenti, koma cha aphungu a Nyumba ya Malamulo. Komabe aliyense ankadziwa kuti kuvotera tambala wakuda, chizindikiro cha chipanicho, kunali kuvotera Kamuzu. Mipando yopikisanirana inali 28, ndipo Malawi Congress Party inatenga 22. Koma pali chinthu chimene wophunzira kuwerenga atakula ayenera kuchidziwa. Voti sinali ya aliyense. Kuti munthu wamba alembedwe m'kaundula, ankamufunsa za ndalama zimene amapeza, za katundu wake, za zaka zimene wakhala akukhoma msonkho, ndiponso ngati amadziwa kuwerenga ndi kulemba. Olembedwa anangopitirira pang'ono 100,000 m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu. Othyola tiyi ambiri, makamaka akazi, anavina ndi kululutira pa misonkhano, koma tsiku loponya voti anakhala panja. Thangata inathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Mu 1964 voti inaperekedwa kwa akulu onse, koma palibe amene anaiponya, chifukwa oimira chipanicho analowa m'Nyumba ya Malamulo popanda wopikisana nawo.

Kuyambira pamenepa ntchito ya chithunzi inatembenuka. Chithunzi cha pa chisankho chimapempha. Chimati, ndione, undisankhe. Koma dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, nakhala Dr. Banda Pulezidenti mu 1966 popanda wopikisana naye, ndiponso Pulezidenti wa Muyaya mu 1971, chithunzicho chinaleka kupempha, chinayamba kulamula. Chinkapachikidwa m'maofesi, m'sukulu, m'masitolo ndi m'mabanki, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, ngakhale wotchi. Nkhope yake inali pa ndalama zachitsulo ndi zapepala. Amayi a chipani, amene iye ankawatcha mbumba yake, ankavala nsalu zodindidwa nkhope yomweyo povina pa misonkhano, ndipo nsalu zambiri zotere zinkachokera ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre. Ena ankazivala ndi mtima wonse, ena chifukwa cha mantha, ndipo pa chithunzi cha gule palibe angasiyanitse awa ndi awo. Anyamata aja anamuitana sanakhalitse. Mu 1964 nduna zinasemphana naye maganizo, ndipo Chipembere ndi Chiume anathera kunja kwa dziko. Chipembere anamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Kwa zaka zambiri kusunga chithunzi cha mmodzi wa iwo m'nyumba kunali kuitana tsoka.

Nyali, tambala ndi nkhope zambiri

Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, mphepo inasintha. Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa ngati akufuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Pa mapepala a tsikulo panalibe nkhope ya munthu. Panali tambala wakuda, woimira chipani chimodzi, ndi nyali, yoimira zipani zambiri. Zizindikirozi zinaikidwa kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe asasokonezeke. Nyali inapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse, ndipo m'chigawo cha kumwera inapeza oposa 80 pa 100.

Chisankho choyamba chenicheni cha Pulezidenti, chokhala ndi opikisana, chinachitika pa 17 May 1994, patapita zaka 134 chichitikire cha Lincoln. Anaima anayi: Dr. Banda, Bakili Muluzi wa UDF, Chakufwa Chihana wa AFORD ndi Kamlepo Kalua wa MDP. M'dziko munalibe wailesi ya kanema, pakuti inayamba mu 1999. Wailesi ya MBC inkapereka mawu okha. Tsono wofuna kudziwa nkhope ya Muluzi kapena ya Chihana ankaiona pa msonkhano, m'nyuzipepala zatsopano zimene zinaphuka ngati bowa m'zaka zimenezo, pa mapepala omata pa mitengo, pa malaya ndi pa zitenje. Nsalu ya nkhope, imene kwa zaka pafupifupi 30 inali ya munthu mmodzi yekha, inakhala ya chipani chilichonse, china chachikasu, china cha mtundu wina. Ndipo apa chithunzi chinaonetsa khalidwe lake lina, lakuti sichikalamba. Kamuzu wa pa khoma anali wamphamvu monga kale, pamene mwini wake anali nkhalamba yofooka, yochitidwa opaleshoni ya m'mutu ku South Africa mu October 1993. Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Dr. Banda 33, Chihana 19. Dr. Banda anavomera kugonja pa wailesi kuwerenga kusanathe n'komwe, ndipo chimenechi mbiri iyenera kumulembera kumbali ya zabwino zake.

Zithunzi za m'maofesi zinatsitsidwa, zina n'kukwezedwa pa misomali yomweyo. Nkhope ya Muluzi inalowa pa ndalama, koma mu 1997 pa ndalama zapepala panaikidwa John Chilembwe, kuchokera m'zithunzi zija anajambulitsa kusanadze nkhondo ya 1915. Chithunzi chimene chinapita ku America kukapempha thandizo la sukulu ndi tchalitchi chinafika m'thumba la wothyola tiyi aliyense pa tsiku la malipiro.

Thyolo nayo inadzatulutsa nkhope zake. Bingu wa Mutharika, mwana wa m'bomali, nayenso anakhala kunja zaka zambiri, ku India ndi m'maofesi a mabungwe a maiko. Poima pa chisankho cha 2004 anthu akumidzi ambiri ankamudziwa pang'ono chabe, ndipo Muluzi ndiye ankamutenga m'misonkhano kumuonetsa kwa anthu. Atapambana anachoka mu UDF nayambitsa DPP mu 2005, ndipo nkhope yomwe ija inali pa nsalu yachikasu inasamukira pa nsalu ya buluu ya chimanga. Anapambananso mu 2009, namwalira ali pa mpando mu April 2012, ndipo anaikidwa pa munda wake wa Ndata, ku Thyolo konko. Mng'ono wake, Arthur Peter Mutharika, anapambana mu 2014. Chisankho cha 2019 khoti linachifafaniza pa 3 February 2020, ndipo pa chobwereza cha pa 23 June chaka chomwecho anagonja kwa Lazarus Chakwera, koma anapambananso pa 16 September 2025.

M'masankho a zaka zimenezi pepala loponyera voti limakhala limodzi, ndipo pa mzere uliwonse pamakhala dzina la woimayo, nkhope yake, chizindikiro cha chipani chake, ndi kabokosi kochongamo. Wosadziwa kuwerenga amafunafuna nkhope kapena chizindikiro. Wodziwa amawerenga dzina natsimikiza kuti nkhopeyo ndi ya mwini dzinalo. Pa chisankho cha 2025 pepala la Pulezidenti linali lalitali ndithu, pakuti ofuna mpandowo anali 17. Mapepala omata pa mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Limbe kupita ku Thyolo ndi Luchenza amayamba kuyoyoka ndi mvula yoyamba ya November, koma zitenje zimakhalitsa. M'minda ya tiyi, m'mamawa kukali nkhungu, amayi amazimanga m'chiuno kuti mame asanyowetse zovala, ndipo mzere umodzi wa othyola ungathe kukhala ndi nkhope za atsogoleri atatu kapena anayi, ena amoyo, ena omwalira kale.